Bulangete la m'chipinda chachinayi

Kamakina kanayamba kulira ine ndisanagwire ngakhale mopu. Linali Lolemba m'mawa, ndangolowa kumene pakhomo la kuseri kwa kiliniki, nsapato zili matope okhaokha a ku Kangemi, chitenje ndachikulunga m'khosi chifukwa kunja kunali chisanu chija cha Julaye cholowa m'mafupa. A Mariamu anali ataima m'kakhonde ndi kamakina kachikasu, kokhala ngati wailesi ya m'manja, akukayesa batire. Ndinawapatsa moni ndikudutsa. Kanati tche, tche, tche. Nditawapitirira kanakhala chete.

"Tabwererani kaye, amake Tadala."

Ndinabwerera. Tche-tche-tche-tche, ngati nkhululu yagwera m'chitini.

"Mwalowa kale m'chipinda chachinayi?"

"Ayi achemwali, ndikuchokera kunyumba. Si mukundiona ndi chikwama?"

Anakayandikizitsa m'manja mwanga, kanalira pang'ono. Kumapazi, zii. Atakafikitsa pachitenje kanalira osapumira, singano yake n'kuthawira kumapeto. A Mariamu anakazimitsa, anandiyang'ana.

"Chitenje ichi mumachita nacho chiyani?"

"Ndimaberekera Yami."

Anandigwira mkono n'kundikokera kubafa la antchito. Apo m'pamene ndinadziwa kuti zavuta.

Ndinene kaye mmene ndinapezekera kumeneko. Ine ndine wa ku Ntcheu, sukulu ndinalekera Sitandade 6. Ku Nairobi ndinatsatira bambo a ana anga, amene ankaphikira banja lina la Chimalawi. Mabwana aja ankagwira ntchito ku Gigiri, kumaofesi akuluakulu aja a mayiko onse, ife tinkakhala kuseri kwa nyumba yawo, ine n'kumachapa ndi kusita. Pakhomo paja m'pamene ndinaphunzira lamulo limodzi: chimene madamu aika pakhomo la kuseri n'cha wantchito. Makatani akale, nsapato za ana, mapoto othothoka chigwiriro. Nsalu yabwino sitayidwa munthu akugona ndi mphepo. Kwathu n'chimodzimodzi.

Mabwana atawasamutsira dziko lina, bambo a ana anati akasake ntchito ku Mombasa. Foni yawo inalira miyezi iwiri, kenako inasiya. Ine ndili ndi Tadala wa zaka zinayi ndi mimba ya Yamikani. Ndinapeza kachipinda ka malata ku Kangemi, ndipo Yami atayamba kukhala pansi, mayi wina wa kumapemphero a Amalawi anandilozera kiliniki ya khansa cha kumsewu waukulu wa Waiyaki, kumene ankafuna wokolopa. Manijala atamva kuti ndilibe chilolezo chogwirira ntchito anangoseka.

"Kuyambira lero ndiwe Grace," anatero m'Chiswahili. "Grace anachoka, koma dzina lake lidakali m'buku. Livale."

Ndinalivala. Pakiliniki yonse munthu mmodzi yekha ndiye ankandiitana amake Tadala, a Mariamu aja, Myao wa ku Balaka wovala mpango kumutu, amene ankaphunzira kuyunivesite n'kumabwera kudzazolowera ntchito. Tsiku limene anandimva ndikung'ung'udza nyimbo ya Chichewa ndikukolopa, anandigwira dzanja n'kuseka mpaka misozi. Masana tinkagawana chapati kuseri kwa thanki ya madzi, iwo n'kumandinyoza kuti Angoni tinaiwala chilankhulo chathu, ine n'kumati nanga inu Ayao mudzasiya liti kugulitsa ngakhale mthunzi wa mtengo.

Amene ankawaphunzitsa ntchito anali a Odhiambo, bambo wamtali waimvi, woyenda ngati akuopa kudzutsa munthu. Sanali dokotala. Sankabaya jakisoni, sankalemba mankhwala. Ntchito yawo inali kuyeza basi. Kuyeza makina aakulu owotchera khansa ngati akutulutsa cheza chokwanira, kuyeza makoma, kuyeza ife. A Mariamu anandiuza kuti ntchito imeneyo imatchedwa fizikisi ya zachipatala, ndipo munthu sangoiyamba chifukwa wamaliza sukulu. Pali komiti ya ziphaso. Umayamba wagwira ntchito pansi pa munthu wachiphaso kwa nthawi yaitali, iye n'kumasainira zimene waphunzira, kenako komiti imakufunsa mafunso, ikakhutira ndiye imakupatsa chiphaso chako. Ikhozanso kukulanda. Ndipo imayendera zipatala kudzaona ngati munthu wachiphasoyo alipodi, ngati makina ake anayezedwa, ngati mabuku ake akunena zoona. Chiphaso cha a Odhiambo chinali pakhoma la m'kakhonde, m'galasi, chithunzi chawo ali ndi tsitsi lakuda. Ndinkachipukuta fumbi Lachisanu lililonse.

Chipinda chachinayi chinali cha odwala chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi apa. Ankawamwetsa ayodini wacheza, n'kuwatsekera okha masiku angapo. Chakudya tinkasiya pakhomo. Thukuta lawo, malovu, mkodzo, zonse zinkatuluka ndi chezacho, ndiye wodwala akachoka, ine sindinkalowa mpaka a Odhiambo atalowa kaye ndi kamakina kachikasu. Zofunda zonse ankaziika m'matumba, n'kumata tepi, n'kulembapo tsiku, n'kukatsekera m'sitolo ya kuseri. Akuti cheza cha ayodini chimatha chokha pang'onopang'ono ngati moto wa makala, koma sungachifulumizitse. Pakapita masabata ambiri ankatsegula sitolo, n'kuyezanso thumba lililonse, likakhala chete ndiye ankanditulutsira panja. "Grace, izi zafa, tenga." Zimene zatuluka m'sitolo zafa. Mutu wanga unasunga zimenezo.

Anandipatsanso baji, kakhadi kaja kamene antchito amavala pachifuwa, kosunga kuchuluka kwa cheza chimene wakumana nacho. Manijala anati wokolopa safunika baji. A Odhiambo anati, "Wokolopa alibe khosi?" n'kundimangirira okha payunifolomu.

Anachoka chakumayambiriro kwa chaka. Tinangomva akukangana mu ofesi, za makina amene nthawi yake yokayezedwa inali itapita, za odwala ochuluka kuposa mmene chipinda chingathere. Anatuluka ndi chikwama chawo chachikopa, anandigwira chanza, n'kumapita. Chiphaso chawo chinatsala pakhoma. Ine ndinapitiriza kuchipukuta. Pampando wawo panakhala Kevin, mlamu wake wa manijala, munthu wansangala wojambula ma X-ray, amene ankagulira aliyense mandazi. Sanali woipa mtima. Koma kamakina kachikasu kankakhala m'kabati, mabaji athu anawatolera m'dirowa kuti eti asasowe, ndipo matumba ankalowa m'sitolo opanda tepi, opanda tsiku. A Mariamu ankadandaula kuti miyezi yawo ikungopita pachabe, komiti siiwerengera popanda wachiphaso wowayang'anira. Ine ndinkangomva ngati nkhani za anthu ophunzira.

Ndiye kunabwera kalata yoti a komiti afika Lachitatu. Lachisanu lake manijala analamula kuti paliponse pawale. Kevin anatsegula sitolo, n'kundiuza kuti matumba onse ndikaponye m'chibini chachikulu cha kuseri. A Mariamu tsiku limenelo anali kusukulu. Ndinanyamula, ndinanyamula, thumba lina linang'ambika, munatuluka bulangete. Labuluu, lochindikala, latsopano ndithu, lopanda ngakhale banga. Sabata imeneyo Yami ankatsokomola, malata athu ankadontha mame m'mawa, tonse atatu tinkafunda bulangete limodzi lopyapyala ngati sefa. Latuluka m'sitolo, ndinatero mumtima, ndiye kuti lafa. Laikidwa pakhomo la kuseri. Ndinalipinda, n'kulikulunga m'chitenje kuti mlonda asaone.

Sindinkadziwa kuti linalowa m'sitolomo dzana lake lomwelo, kuchokera kwa mayi wina amene anatuluka thukuta masiku onse amene anagona m'chipinda chachinayi. Chimene chinkapha zinthu zija sichinali chitseko cha sitolo. Anali masabata aja, ndi munthu uja woyeza.

Ana anagona m'bulangetemo Lachisanu, Loweruka, Lamulungu. Ndipo Yami ali ndi khalidwe lake, akamagona amayamwa ngodya ya nsalu.

Zonsezi ndinawauza a Mariamu m'bafa la antchito, iwo atavala magolovesi, akundisambitsa manja ndi khosi ngati mwana. Nditafika pa ngodya ya nsalu anaima, madzi akungotayika pampopi.

"Akuyamwabe bere?"

"Eya."

"Mverani bwino. Bulangete, nsalu zoyala pogona, zovala zimene anagona nazo, zonse m'matumba awa, awiriawiri, mumange. Musawotche, utsi wake ndi woipa. Musachape. Muike kutali ndi anthu. Ana muwasambitse. Ndipo musamuyamwitse kaye mpaka akuyezeni, chifukwa ngati chalowa mwa inu chimatsikira mumkaka."

"Afa?"

"Ayi, musaganize zimenezo. Mwina n'chochepa kwambiri. Koma ayodini akalowa m'thupi amathamangira pakhosi, ndipo khosi la mwana ndi lanthete. Pafunika kuyeza msanga, chifukwa chikamazilala sadzadziwanso kuti chinalowa chochuluka bwanji."

Tinapita kwa manijala limodzi. Anamvetsera akusewera ndi makiyi. Kenako anatambasula dzanja, a Mariamu n'kumupatsa kamakina kaja poganiza kuti akufuna kuona. Anakaika m'kabati n'kukhoma.

"Ndiye waba bulangete la kiliniki," anatero kwa ine.

"Linali lotaya, bwana."

"Lotaya kapena losataya, pita kunyumba, ubwere Lachisanu. Palibe mwana amene anafa ndi bulangete. Ukatsegula pakamwa Lachitatu, kiliniki ino aitseka, anthu onse awa akhala pamsewu chifukwa cha iwe. Ndipo a boma akafunsa kuti ndiwe ndani, uyankha chiyani? Grace ali ndi chitupa. Iwe uli ndi chiyani?" Anatembenukira kwa a Mariamu. "Nawenso kalata yako ya kusukulu ndimasaina ndine."

Panja, kuseri kwa thanki, ndinawaimitsa a Mariamu.

"Achemwali, tiyeni kunyumba mukandiyezere ana inuyo."

"Ndi chiyani? Alanda. Ndipo kaja kamangonena kuti chilipo, sikanganene bwino kuchuluka kwake, tsiku lake lokayezedwa linapita kalekale. A komiti amabwera ndi makina awo, ndipo iwo akalemba kalata chipatala chachikulu chimakulandirani tsiku lomwelo."

"Andigwira?"

"Sindikudziwa. Sindikufuna kukunamizani."

"Inu munena?"

"Za sitolo ndinena, zivute zitani. Koma za ana, ndikanena ine ndiye kuti ndakuululani. Mwini nkhani ndinu, amake Tadala."

M'matatu, minibasi ya kumeneko, ndinakhala pafupi ndi khomo, manja ndawabisa m'khwapa kuti ndisakhudze munthu. Kondakitala ankakuwa Kangemi, Kangemi, nyimbo zili pamwamba, ine ndikungoona pakamwa pa Yami. Nditatsika pa mlatho ndinathamanga, kudutsa ogulitsa masamba a sukuma, kudumpha ngalande, mpaka pa ploti yathu. Ana ndinkawasiya ndi Mama Wambui wa khomo loyandikana. Ndinapeza Tadala akusewera panja. Yami anali mtulo m'nyumba mwathu, Mama Wambui atamufunditsa bwinobwino, ngodya yabuluu ili m'kamwa.

Ndinamusolola ngati ndikumulanditsa pamoto. Analira. Ndinavala magolovesi, n'kulongedza zonse monga anandiuzira. Ndiye ndinaima pakati pa chipinda ndi matumba awiri, osadziwa kolowera nawo. Kutali ndi anthu, eti. Ku Kangemi kutali ndi anthu n'kuti? Khoma lako ndi khoma la mnzako. Ndikakataya kudzala, dzuwa lisanalowe mayi wina ngati ine alitola, n'kukafunditsa wake. Kumtsinje anthu amachapa. Ndinabwereka makwerero, n'kukaika padenga la chimbudzi chakale chimene chinagwa, kumapeto kwa ploti, n'kupsinja ndi miyala.

Mama Wambui anaona buluu uja kudzera m'thumba.

"Mama Tadala, wapenga? Bulangete labwino chonchi? Ngati sukulifuna ndipatse."

"Munafera munthu," ndinatero. "Matenda oipa. Aliyense wolikhudza amutsatira."

Analavula pansi, n'kukokera mdzukulu wake m'nyumba. Pofika madzulo ploti yonse inali itamva, ndipo palibe anayandikira mbali imeneyo. Bodza limenelo sindinalapepo.

Ndinasambitsa ana ndi madzi a m'chigubu mpaka anatha, ndinakatunganso ena. Kenako inayamba nkhondo ya bere. Yami anali ndi chaka ndi miyezi itatu, phala ankadya, koma tulo take tinali bere. Ankakoka bulauzi, kundimenya ndi mutu pachifuwa, kulira mpaka mawu kusasa. Mabere anatupa ngati miyala, mkaka ukudontha wokha, ine n'kumaufinyira m'kachitini n'kukataya kuchimbudzi ngati poizoni.

"Amayi, mpatseni," anatero Tadala. "Mukummana chifukwa chiyani? Walakwa?"

"Sanalakwe."

"Ndiye walakwa ndani?"

Lachiwiri lonse ndinkangowagwira pakhosi. Tadala akameza malovu ndimayang'ana. Yami akatsokomola ndimati chayamba. Palibe chotupa, palibe chilonda, ana akuoneka bwinobwino, ndipo chimenecho n'chimene chinkandiopsa kwambiri, chifukwa malungo umawamva ndi dzanja, koma ichi ayi. Maso ena anali padenga lija, ena kumpata, munthu wovala buluu akadutsa ndimati apolisi. Ndinaimbira amayi kumudzi. Anati, "Mwana wanga, usadziulule m'dziko la eni. Kwera basi ubwere, tidzapemphera." Ndinatulutsadi chikwama pansi pa bedi. Ndinapinda madiresi a Tadala. Ndiye ndinaganiza, chimene chili pakhosi pa mwana chikwera nafe basi yomweyo, chidutsa nafe Tanzania yense, ndipo kwathu ndikanena kuti mwana anayamwa bulangete la ayodini, andiyang'ana ngati wamisala. Pofika kumeneko chidzakhala chitazilala, palibe adzadziwe. Anthu odziwa anali pano, ndipo akubwera mawa lokha.

Lachitatu ndinawaveka zovala za kutchalitchi. Yami ndinamubereka ndi nsalu yobwereka kwa Mama Wambui. Tinaima tsidya lina la msewu, pafupi ndi bambo wowotcha chimanga, mpaka inafika galimoto yoyera. Munatsika anthu atatu, abambo awiri onyamula mabokosi akuda, ndi mayi wamfupi wonenepa, magalasi akulendewera pachingwe. Ndinadikira. Pakhomo la kuseri mlonda ankandidziwa ndipo anali atauzidwa. Ndiye ndinachita chimene sindinachitepo chiyambire ntchito, ndinalowera khomo la kutsogolo, la odwala, kumbuyo kwa banja lina lokankha agogo awo panjinga ya odwala.

Ndinawapeza m'kakhonde, ataima pa chiphaso chija. Pansi pakuwala, ena anakolopa m'malo mwanga. Aliyense anali ndi baji pachifuwa, mabaji amene anagona m'dirowa miyezi yonseyi.

"Bambo awa ali kuti?" mayi uja ankafunsa, akuloza chithunzi cha a Odhiambo.

"Atuluka pang'ono, madamu," anatero manijala. "Kuli maliro kwawo."

"Maliro aatali." Mayi uja anatulutsa pepala m'fayilo. "Anatilembera okha kuti anasiya ntchito pano, ndipo dzina lawo lisagwiritsidwenso ntchito. Ndiye amene wakhala akusainira mabuku a makina miyezi yonseyi ndani? Chiphaso si chithunzi cha pakhoma, bwana. Ndi munthu."

Kevin anayang'ana nsapato zake. A Mariamu anali kumbuyo, atagwira buku pachifuwa, ndipo ndi iwo anayamba kundiona. Kenako manijala. Nkhope yake inasintha, anayamba kubwera kwa ine akumwetulira ndi mano okha.

"Grace, si ndinati upume? Mayi uyu ndi wokolopa wathu, madamu, mutu wake sukuyenda bwino masiku ano."

Chiswahili chonse chimene ndinatola zaka zonsezo chinandithawa. Chingerezi ndiye ndinalibe n'kale. Ndinamasula nsalu, n'kumutsitsa Yami kumsana, n'kumunyamula m'mwamba ndi manja awiri kutsogolo kwa mayi uja. Anatsala mawu awiri okha.

"Pima huyu."

Muyezeni uyu.

Mayi uja anavala magalasi. Anayang'ana mwana, anayang'ana ine, pabulauzi panga pali mabanga awiri a mkaka. Manijala anayamba kulankhula, mayi uja anangokweza chala chimodzi osamuyang'ana.

"Pali amene amamva chilankhulo chake?"

"Ine, madamu," anatero a Mariamu.

Anatilowetsa m'chipinda cha ma X-ray n'kutseka chitseko, manijala kunja. Ndinafotokoza zonse, sitolo, thumba long'ambika, masiku atatu, ngodya ya nsalu, denga la chimbudzi, a Mariamu akumasulira. Ndinkayembekeza kuti anditcha wakuba. Mayi uja anangofunsa kuti, "Anakuuza ndani kuti zotuluka m'sitolo n'zabwino?" Ndinati palibe, ndinkaona kwa a Odhiambo. Anagwedeza mutu n'kulemba. Atamva za bodza la munthu wakufa, bambo mmodzi wa mabokosi uja anaseka pang'ono n'kunena kuti chikwangwani chawo chachikasu chochenjeza za cheza sichinaopsezepo anthu chotero.

Anatsegula bokosi. Makina awo anali ndi kachitsulo kokhala ngati tochi. Anayamba ndi Tadala, pantchafu kaye, kenako pakhosi. Tadala anaseka, akuti chikuzizira. Bambo uja anawerenga manambala, mayi uja analemba. Kenako ine. Kenako Yami, ndinamukhazika pamiyendo, n'kumugwira chibwano kuti akweze mutu, kachitsulo kali pakakhosi kake kamene kangakwane m'dzanja langa limodzi. Makina aja sankalira ngati kachikasu kaja, ankangosintha manambala mwakachetechete, ndipo ine manambala awo sindimawadziwa, ndiye ndinkawerenga nkhope ya mayi uja. Sinanene kanthu. Anauza bambo uja kuti abwereze.

"Wamkuluyu palibe chodetsa nkhawa," anatero potsiriza, a Mariamu akundipatsira m'Chichewa. "Mwa inu muli pang'ono. Bere mwachita bwino kumuletsa, ndipo musamubwezerenso. Mwa wamng'onoyu chilipo. Si chochuluka moti tichite mantha lero, koma si choti tingochiiwala. Apite kuchipatala chachikulu masana ano akamuyeze ndi makina abwino kuposa awa. Ndipo khosi lake lizionedwa chaka ndi chaka mpaka akule."

Zimene zinatsatira ndinene mwachidule. Abambo awiri aja anapita nane ku Kangemi ndi chigoba chachitsulo, anatsitsa matumba aja ploti yonse ikuonerera, anayezanso chipinda chathu ndi cha Mama Wambui. Chipinda chachinayi anachimata chidindo tsiku lomwelo, makina aakulu anawaimitsa, odwala anawatumiza kwina. Patapita masabata anandiitana kukomiti, chipinda cha tebulo lalitali, anthu asanu ndi awiri, madokotala ndi afizikisi, ndi a Odhiambo atakhala pambali ngati mboni. Anandifunsa mafunso omwe aja, modekha, kuti baji anandilanda liti, matumba ankalembedwa kapena ayi. Potuluka a Odhiambo anamugwira Yami pamutu nthawi yaitali, n'kunena kuti akanachotsa chithunzi chawo pakhoma ndi manja awo. Anzanga okolopa ndi ochapa ntchito inawathera, ena ankandilambalala pamsewu, ndipo sindiwada. A Mariamu anawasamutsira chipatala china, anayambiranso miyezi yawo, ndipo chaka chatha ananditumizira chithunzi pafoni atanyamula chiphaso chawochawo. Ine a zolowa ndi kutuluka anandipatsa masiku oti ndichoke m'dziko. Amalawi a kumapemphero ndi amene anatikweza basi.

Kwathu ndinapeza amayi atakalamba, munda wanga alongo anga atalimamo mbatata zawo. Alamu anga mpaka lero akamwa amati, anthu amabwera ku Kenya ndi malata, awa anabwera ndi pepala. Pepalalo lili m'pulasitiki, m'Baibulo. Chaka chilichonse ndimakwera nalo minibasi kupita kuchipatala chachikulu, dokotala amaliwerenga, amamugwira Yami pakhosi, amamutenga magazi. Mpaka pano amati zili bwino. Ine ndimamugwirabe pakhosi ndikamamusambitsa, iye amati amayi mumandikodola.

Koma tsiku lija m'chipinda cha ma X-ray zonsezi sindinkazidziwa. Ndinkangodziwa kuti mayi uja watulutsa fomu, watsegula cholembera, ndipo kunja kwa chitseko kuli manijala.

"Dzina lanu. Pano alemba kuti Grace."

A Mariamu anayang'ana pansi.

Mayi uja anavula magalasi. "Mama, ine si wa zitupa. Sindinabwerere zimenezo. Koma fomu iyi ikupita m'mabuku a boma, ndipo sindingakulonjezeni kuti ena saiona. Mukafuna ndilemba Grace. Kungoti pepala ili ndi limene lidzamutsatire mwanayu. Zaka khumi zikubwerazi dokotala akadzafuna kudziwa chimene chinalowa m'khosi mwake, adzafufuza dzina la mwana ndi la mayi wake. Akadzapeza mwana wa Grace, wa ku Kenya, si wanu."

Yami anali atasiya kulira, akuyamwa chala, mutu uli pachifuwa panga pamene panali ponyowa. Tadala ankasewera ndi chingwe cha bokosi lakuda.

"Achemwali," ndinatero kwa a Mariamu, "muwauze alembe bwino, asalakwitse chilembo."

Ndinatchula dzina limene anandipatsa amayi anga, ndi la bambo anga. Ndinatchula mudzi, mfumu yaikulu, boma la Ntcheu, dziko la Malawi. Kenako Tadala. Kenako Yamikani, ndi tsiku limene anabadwa. Mayi uja atamaliza ananditembenuzira fomu. Ndinaiwerenga ndi chala, mzere ndi mzere, monga ankatiphunzitsira ku Sitandade 6, ndipo nditaona kuti mayina onse atatu ali momwemo, ndinasaina.